Dovu la mwana ndi nthenda ya noma: mafunso ndi mayankho kwa makolo a ku Mangochi

Mayi aliyense amene anaberekapo mwana kumbuyo amadziwa kunyowa kwa paphewa. Mwana wagona, mutu wautsamiritsa pamsana, pofika kumsika bulauzi yanyowa ndi dovu. Palibe amene amadabwa nazo. Mpake kuti nthenda ya noma imatilowa osaizindikira, chifukwa imayamba ndi chinthu chimene tinachizolowera kalekale. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimamva kusikelo, pamjigo ndi padoko. Ambiri ndi a amayi, ena ndi a agogo, a abambo ndi owerengeka. Ndayankha monga ndimayankhira tikakhala pamkeka.

Kodi noma ndi chiyani? Dzinali ife sitinalimvepo.

Noma ndi nthenda yowoletsa m'kamwa ndi nkhope. Imayambira pa nkhama, m'mphepete mwa mano, ngati kachilonda kosaoneka ngati kanthu. Kenako imalowa mkati mwa tsaya kapena mlomo, n'kumadya mnofu mpaka kufika pa fupa la nsagwada. Ikapanda kuimitsidwa imaboola tsaya, mano n'kumaonekera panja. Madokotala amaitchulanso kuti cancrum oris, ndipo dzina lakuti noma linachokera ku mawu a Chigiriki onena za kudya mosasiya kanthu.

Imakonda ana a zaka 2 mpaka 6. M'chaka cha 1998, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti ana pafupifupi 140,000 amadwala noma chaka chilichonse, ndiponso kuti mwa ana 10 amene sanalandire chithandizo, pafupifupi 9 amamwalira. Mu Disembala 2023 bungweli linaika noma pa mndandanda wa matenda a m'maiko otentha amene akhala akunyalanyazidwa, dziko la Nigeria litatsogolera pempho lake. Imamveka kwambiri m'maiko a kuyambira ku Senegal kukafika ku Ethiopia, koma ilibe malire a dziko. Kumene kuli njala, chikuku ndi malungo, iyonso imatha kufikako. Zitatu zonsezi ife kuno kunyanja si zachilendo.

Mwana wanga akukha dovu kwambiri. Ndiye kuti ndi noma?

Nthawi zambiri ayi. Noma si nthenda imene mungakumane nayo tsiku ndi tsiku, pamene dovu lili m'nyumba iliyonse momwe muli khanda. Dovu palokha lisakusowetseni tulo.

Chimene ndimauza amayi n'chakuti dovu la noma siliyenda lokha. Limabwera ndi anzake: fungo loipa lochokera m'kamwa, nkhama zofiira zotupa zimene zimatuluka magazi zikangokhudzidwa, kukana kudya chifukwa cha ululu, ndipo nthawi zina kutentha thupi ndi mwanabere pansi pa chibwano. Mukaona dovu pamodzi ndi fungo ndi magazi mwa mwana wowonda, kapena amene wangodzuka kumene ku chikuku kapena malungo, musadikire tsiku la sikelo. Nyamukani tsiku lomwelo.

N'chifukwa chiyani noma imachulukitsa malovu?

Pali zifukwa ziwiri pachiyambi, ndipo chachitatu chimabwera mochedwa. Choyamba, m'kamwa mukakhala chilonda thupi limapanga malovu ambiri, monga momwe diso limachitira misozi mukalowa kachitsotso. Chachiwiri, mwana amene akumva kupweteka m'kamwa amaopa kumeza. Ife tonse timameza malovu tsiku lonse osadziwa n'komwe, koma iye amangowasunga, pakamwa pali yasa, mpaka atayikira pachibwano ndi pachifuwa. Chachitatu ndi cha nthawi imene nthendayo yaboola kale tsaya kapena yadya mlomo: malovu amangodutsira pabowopo chifukwa palibe chowatchinga.

Malovu ake nthawi zambiri amakhala onanda, onunkha, ndipo mwina ofiirira chifukwa cha magazi. Mungawaone pansalu imene mwana wagonera usiku.

Nanga ndisiyanitsa bwanji ndi kumera mano? Agogo ake akuti ndi mano chabe.

Yambani ndi msinkhu. Mano oyamba amatuluka mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo pofika zaka 3 mano onse 20 a ubwana amakhala atakwana. Mwana wa zaka 4 kapena 5 amene anasiya kalekale kukha dovu, lero n'kuyambiranso mwadzidzidzi, ameneyo si za mano ayi. Pali china chake m'kamwamo.

Kenako onani khalidwe lake. Womera mano amafuna kuluma chilichonse: chala chanu, supuni, ngodya ya chitenje. Amavuta, koma amayamwa, amadya, amasewera. Malovu ake ndi oyera ngati madzi ndipo sanunkha. Wa zilonda zowola safuna kuti chinthu chimukhudze pakamwa. Mukabwera ndi phala amatembenuza nkhope, amalira mofooka, amangokhala ndwii.

Ndipo pali fungo. Ili ndi limene sindingathe kulilemba bwino, koma amene analimvapo saliiwala. Si fungo la mwana amene sanatsuke m'kamwa m'mawa. Ndi la chinthu chowola, ngati nsomba imene yagona m'bwato padzuwa. Tsiku lina kusikelo ya pansi pa mtengo wa mango kunabwera mayi wachitsikana ndi mwana wa zaka ngati zitatu. Anadzakhala kumapeto kwa mzere, amayi anzake n'kumasendera pang'onopang'ono osanena kanthu. Iye anali atakulunga kansalu pachibwano cha mwanayo, kansaluko katanyowa chonchi. Nditafunsa anati, "Ndi mano awa, apongozi anena." Titakweza mlomo wa m'mwamba tinapeza nkhama za mbali imodzi zitadyeka m'mphepete mwa mano, pamwamba pake pali zotuwa ngati phulusa lonyowa, magazi akuchucha pongokhudza. Tsaya linali lisanatupe. Anapita kuchipatala tsiku lomwelo pa kabaza, ndipo mwezi wotsatira mwanayo anabweranso kusikelo akudya chigumu. Chimene chinandikhudza n'chakuti amayi onse aja analimva fungolo, koma aliyense anachita manyazi kunena. Manyazi a mtundu umenewo ndi oopsa.

Ndiyang'ane bwanji m'kamwa mwa mwana? Wanga salola.

Sambani m'manja ndi sopo. Khalani panja powala, kapena yatsani tochi ya pafoni. Mugoneke mwanayo chagada pamiyendo panu, wina amugwire manja mofatsa. Simufunika kumukanula ndi supuni. Kwezani mlomo wa m'mwamba ndi chala, tsitsani wa m'munsi, kenako kokerani tsaya pambali kuti muone nkhama za kumano a kumapeto ndi mkati mwa tsaya. Akalira, mpata ndi womwewo, yang'anani msanga.

Nkhama zabwino zimakhala zolimba, zogwira mano bwino, zosatuluka magazi. Ana ambiri akuda amakhala ndi nkhama zoderapo mwachibadwa, zimenezo si vuto. Chofuna kuona ndi kutupa, kufiira kowala, magazi, zilonda zokumbika pakati pa mano, ndi zotuwa zomatirira pachilonda.

Timayang'ana mwana m'maso, timamugwira pamphumi, timamusisita pamimba, koma m'kamwa ambiri sititsegulamo mpaka atalira dzino. Mwana akadwala chilichonse, makamaka chikuku, muzimuona m'kamwa tsiku lililonse pomusambitsa.

Imathamanga bwanji nthendayi?

Kwambiri. Apa ndi pamene noma imasiyana ndi zilonda zina. A WHO amaigawa m'magawo. Chenjezo loyamba ndi nkhama zotupa zotuluka magazi. Gawo 1 ndi pamene nkhama zayamba kudyeka, fungo lamveka, malovu achuluka. Gawo 2 ndi kutupa kwa tsaya, mlomo kapena chibwano, kotentha, kolimba ndi kopweteka, mwana atatentha thupi. Gawo 3 ndi kuwola: pakhungu pamaoneka banga lakuda kapena lotuwa, mnofu wakufa umachoka, pamatsala bowo. Gawo 4 ndi pamene chilonda chikuuma n'kumakoka khungu, nsagwada n'kuyamba kuuma. Gawo 5 ndi zipsera ndi kulumala kotsalira.

Kuchoka pa kutupa kufika pa bowo sipatenga miyezi. Ndi nkhani ya masiku ochepa, ndipo zonse zimatha kuchitika mkati mwa masabata awiri. Pa magawo oyambirira, mankhwala wamba amene amapezeka m'zipatala zathu amatha kuimitsa nthendayo mwana n'kuchira nkhope ili yonse. Banga lakuda likaoneka, moyo ungapulumuke koma mnofu wowolawo subwerera. Dovu ndi fungo zimafika pa nthawi imene zinthu zikadali zotheka, n'chifukwa chake ndikulimbikira za izo.

Ndi ana otani amene imawagwira?

Mwana wonenepa bwino, wodya mokwanira, wolandira katemera, noma simupeza kawirikawiri. Tizilombo timene timapezeka pa zilondazi ndi mabakiteriya osiyanasiyana, monga Fusobacterium ndi Prevotella, ndipo ena mwa iwo amakhala m'kamwa mwa anthu abwinobwino osachita kanthu. Amalusa chitetezo cha m'thupi chikagwa. Chimagwetsa chitetezocho ndi kunyentchera, chikuku, malungo obwerezabwereza, kutsegula m'mimba kosatha, chifuwa chachikulu ndi kachilombo ka HIV. Kusatsuka m'kamwa ndi kusowa madzi aukhondo zimawonjezera moto.

Zaka 2 mpaka 6 ndi nthawi imene mwana wachoka kubere, mayi mwina ali ndi pakati pena kapena khanda lina, iye n'kumalimbirana mbale imodzi ndi akuluakulu. Onjezeranipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, udzudzu utachuluka. Mwana wotero ndi woti azionedwa ndi maso awiri.

Noma inalikonso ku Ulaya kale. Inatha kumeneko anthu atayamba kudya bwino ndi kukhala mwaukhondo, mankhwala amakono asanabwere n'komwe, ndipo inadzaonekanso m'ndende za chipani cha Nazi cha ku Germany pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mmene anthu ankafa ndi njala. Si nthenda ya mtundu wa anthu kapena ya banja. Ndi ya umphawi.

Kodi ndi yopatsirana? Ndiwapatule abale ake?

Ayi, noma siyenda kuchoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake ngati chikuku kapena chimfine. Musamutsekere m'nyumba, musamusale. Koma abale akewo akudya mphika womwewo ndi kumwa madzi omwewo, choncho nawonso aoneni m'kamwa ndipo apite kusikelo akayezedwe.

Akuluakulu kwathu akuti ndi tsempho, ena akuti mwana walodzedwa. Tichite chiyani?

Funso ili ndi lovuta chifukwa mayi wa mwana si amene amagamula yekha. Pali apongozi, pali amalume a mwana, pali bambo amene mwina ali kunyanja kapena ku Joni. Mwana akatupa, mawu oyamba amakhala akuti wasemphedwa, makolo n'kuyamba kulozana zala. Ndipo kunena zoona, nthenda imene imadya nkhope ya mwana m'sabata imodzi imaoneka ngati ya mfiti ndithu. Sindidabwa anthu akamaganiza choncho.

Sindikufuna kukangana ndi agogo pa zimene amakhulupirira. Pempho langa kwa inu agogo ndi amalume ndi limodzi: nkhani za pabanja zikhoza kukambidwa mawa kapena mkuja, koma tsaya la mwana silidikira bwalo. Lolani mwana apite kuchipatala lero, zokambirana zitsale zikuchitika kumudzi. Masiku atatu amene amathera kwa sing'anga ndi omwe aja amene mankhwala akanagwira ntchito. Ndipo musalole kuti atemedwe mphini patsaya lotupalo, kapena kupakidwa phulusa, makala a m'batire kapena mankhwala oyabwa. Zimenezo zimatsegulira tizilombo khomo lina.

A shehe, abusa ndi mafumu, mawu anu amamveka kuposa athu. Banja likabwera kudzapempha pemphero, pempherani, kenako afunseni ngati apita kuchipatala.

Tsaya latupa mbali imodzi. Si matsagwidi amenewa?

Matsagwidi amatupitsa kutsogolo ndi kunsi kwa khutu, kawirikawiri mbali zonse ziwiri, ana angapo m'mudzi n'kudwalira limodzi, ndipo m'kamwa simununkha chowola. Dzino lobooka nalonso limatupitsa tsaya likachita mafinya. Palinso khansa ya ana yotchedwa Burkitt lymphoma, yodziwika m'madera a malungo ambiri ngati kuno, imene imatupitsa nsagwada msanga ndi kugwedeza mano. Simungazisiyanitse zonsezi muli pakhonde. Kutupa kulikonse kwa nkhope ya mwana ndi kwa kuchipatala, ndipo ngati kuli ndi fungo ndi dovu, ndi kwa lero lomwe.

Palinso matenda ena oopsa amene amachulukitsa malovu?

Alipo, ndipo ena ndi achangu kuposa noma. Mwana amene wamwa kapena kudya mankhwala ophera makoswe aja timawatchula kuti tameki, kapena ena opopera mbewu, amatuluka malovu ambiri mwadzidzidzi, thukuta, misozi, kusanza ndi kubanika. Thamangani naye, mutenge ndi paketi kapena botolo lake. Chiwewe chimabweretsa malovu ndi kuopa madzi, patapita masabata kapena miyezi chilumidwire ndi galu. Katemera wake amathandiza munthu akangolumidwa, zizindikiro zisanayambe. Mwana amene akukha dovu, akulephera kumeza ndipo akupuma movutikira akhoza kukhala kuti watupa kukhosi kapena chinthu chamutsamwa, monga munga wa nsomba kapena kandalama. Kafumbata amaumitsa nsagwada. Zilonda zing'onozing'ono za m'kamwa zobwera ndi kutentha thupi, komanso zoyera zomata palilime, nazonso zimakhetsa dovu. Izi sizoopsa ngati zinazo, koma mwa mwana wonyentchera zisapeputsidwe.

Kuchipatala akamuchita chiyani?

Ngati mwafulumira, chithandizo chake si chodabwitsa. Amapereka maantibayotiki, kawirikawiri amoxicillin pamodzi ndi metronidazole, pa mlingo woyenerana ndi sikelo ya mwana. Amatsuka m'kamwa, amapereka mankhwala ochepetsa ululu, vitamini A, ndi madzi ngati thupi lauma. Amayeza malungo, magazi, ndipo akhoza kukupemphani kuti mwana ayezedwe HIV. Musakhumudwe nazo, n'kufuna kudziwa chimene chagwetsa chitetezo. Amayezanso mkono ndi kalamba kaja ka mitundu itatu: kakafika pofiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, mwana ndi wonyentchera kwambiri ndipo amayamba kulandira chiponde kapena kugonekedwa kuti apatsidwe mkaka wapadera.

Tsaya likakhala litatupa kale, yembekezerani kugonekedwa, mankhwala n'kumadzera mumtsempha. Chipatala chaching'ono chimakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma pa Mangochi, ndipo zikafunika amakutumizani ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene ambiri timati ku Gulupu. Mayi, konzekani ngati wokagona: chitenje, kapu, mbale, ndi buku la kuchipatala la mwana.

Bwanji ndingogula makapisozi pagolosale? Ndi otchipa kusiyana ndi thiransipoti.

Ndikumvetsa kuwerengera kwake, koma ayi. Wogulitsa saona m'kamwa mwa mwana, sadziwa kulemera kwake, ndipo amakupatsani makapisozi anayi a ndalama imene muli nayo. Fungo limachepa masiku awiri, inu mtima n'kukhala pansi, nthenda ikupitirira mkati. Komanso mankhwala okha sakwanira ngati kunyentchera sikunathandizidwe.

Kwathu ndi kutali, ndipo kwada. Ndichite chiyani usiku uno?

Amene amakhala cha ku Makanjira, ku Katuli kapena m'mapiri a ku Namwera amadziwa kuti mawu akuti "pitani kuchipatala" ndi opepuka kunena, makamaka nthawi ya dzinja mitsinje itadzaza. Ngati n'kosatheka kunyamuka usiku, konzani za ulendo wa m'mamawa usiku womwewo: wa kabaza auzidwe, ndalama ibwerekedwe, wosiyira ana ena apezeke. Dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Mukhozanso kuimba ku Chipatala cha pa Foni kuti akulangizeni.

Pakadali pano wiritsani madzi, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda, muthiremo mchere pang'ono, wongomveka ngati misozi. Mwana wamkulu achukuche n'kulavula. Wamng'ono amene sadziwa kulavula, nyowetsani kansalu koyera, mukulunge kuchala, mupukute nkhama mofatsa. Chitani zimenezi kangapo, makamaka akatha kudya. Mupatseni madzi owiritsa pafupipafupi, kapena Thanzi ngati akutsegula m'mimba. Ngati akadayamwa, ayamwe. Panado wa ana pa mlingo wake amachepetsa ululu kuti athe kumeza. Mupukuteni dovu pachibwano ndi m'khosi kuti khungu lisasupuke.

Izi ndi zongogwirizira podikira kucha. Madzi a mchere sachiza noma.

Akukana kudya. Ndimukakamize?

Sakukana mwamwano, akumva kupweteka. Musamutsine mphuno n'kumuthira phala, angatsamwe. Mupatseni zofewa, zosatentha, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndi kasupuni kolowera mbali imene kulibe chilonda. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira lophwanyira m'phala, nthochi yokanya, mbatata yofiira mkati yopota, msuzi wa nsomba wosefa bwino minga, Likuni Phala ngati ilipo. Za tsabola, za mchere wambiri ndi zowawasa monga bwemba ndi malambe zidikire kaye chilonda chipole.

Tingaipewe bwanji?

Chachikulu ndi chakudya, ndipo pano ndinenepo zimene zimandiwawa. Boma lathu lili ndi nyanja ya Malawi, nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire. Usipa, utaka ndi kambuzi zimayanikidwa pa matandala m'midzi mwathu momwemu, n'kukwera galimoto kupita ku Limbe ndi ku Lilongwe, mwana wa msodzi n'kutsala akumwa phala la ufa woyera lothira mchere basi. Ndikudziwa kuti nsombazo ndiye ndalama ya sopo ndi fizi. Koma dzanja limodzi la usipa wouma, wokazinga pang'ono, wosinja n'kusefa, limakwana kuthira m'phala la mwana masiku angapo. Abambo, musanagulitse zonse, patulani kambale ka mwana. Ndipo wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale ya gulu dzanja lake ndi lochedwa.

Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira, uku akudya za m'magulu 6 aja amene timaphunzitsana kusikelo. Alandire katemera yense, makamaka wa chikuku pa miyezi 9 ndi wachiwiri pa miyezi 15. Wachiwiriyu ndi amene ambiri amaiwala mwana akayamba kuyenda. Vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba azilandira pa nthawi yake. Agone m'neti usiku uliwonse, netiyo isapite kokakokera usipa kapena kukatchinga dimba. Sikelo ndi ya mwana mpaka zaka 5, osati mpaka katemera atatha.

Za m'kamwa: mano akangotuluka, ayambe kutsukidwa m'mawa ndi madzulo. Mswachi wa kusitolo ndi mankhwala otsukira mano pang'ono ndi zabwino. Zikasowa, kamtengo kotafuna kunsonga kamene akuluakulu amatsukira mano, kapena kansalu koyera ndi madzi a mchere, zimathandiza ndithu. Mwana wosakwana zaka 6 sangadzitsuke bwino yekha, mutsukeni inu. Mbuzi ndi nkhuku zisagone chipinda chimodzi ndi ana.

Kodi akuluakulu imawagwiranso?

Mwa apo ndi apo, makamaka amene chitetezo chawo chatsika kwambiri chifukwa cha HIV, khansa kapena matenda ena aakulu. Wamkulu amene nkhama zikudyeka, zikununkha ndi kutuluka magazi apite kukaonedwa, ndipo amene ali pa ma ARV asadukize.

Mwana wa mchemwali wanga anapulumuka koma anatsala ndi bowo patsaya, dovu limangotuluka. Pali chithandizo?

Chilipo, ngakhale kuti njira yake ndi yaitali. Madokotala sachita opaleshoni yokonza nkhope nthenda ikadali yamoto. Amadikira chilonda chipole, mwana abwerere m'thupi, ndipo kudikirako kumatha kufika chaka kapena kupitirira. Opaleshoniyo ndi ya akatswiri, amatenga khungu ndi mnofu pena n'kutseka pabowo, ndipo kawirikawiri imachitika maulendo angapo. Ku Sokoto m'dziko la Nigeria kuli chipatala cha ana odwala noma chimene chinatsegulidwa mu 1999, ndipo bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières lakhala likuthandiza kumeneko kuyambira 2014. Kwa ife kuno, khomo lake ndi kalata yochokera ku chipatala cha boma yopita ku chipatala chachikulu. Sungani buku la mwana ndi mapepala onse, ndipo musatope kufunsa za tsiku lobwerera.

Podikirapo pali ntchito ya pakhomo. Chipsera chikamauma chimakoka nsagwada mpaka mwana kulephera kuyasamula, ndiye ayenera kumachita masewera otsegula ndi kutseka pakamwa tsiku lililonse monga akuonetserani kuchipatala. Chakudya chikhale chofewa, adye atakhala tsonga, mutu atapendekera mbali yabwino. Pabowo pazitsukidwa akatha kudya. Dovu lisamusowetse mtendere: kansalu koyera kosinthasintha ndi mafuta a Vaseline pachibwano zimateteza khungu.

Ndipo apite kusukulu. Ana otere ambiri amabisidwa kuseri kwa nyumba alendo akabwera, ena amakula osalowapo m'kalasi, pamene mutu wawo uli bwinobwino. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi mwana asanayambe, muwafotokozere kuti si chopatsirana, kuti iwo akauze anzake.

Ndikafika kuchipatala n'kupeza mzere wautali, ndinene chiyani?

Musakhale phee kumapeto kwa benchi mwana atafundidwa chitenje kumaso. Pitani kwa namwino kapena aliyense wovala yunifolomu, munene mwaulemu koma momveka: "Pepani adokotala, mwanayu m'kamwa mukununkha chowola, nkhama zikutuluka magazi, dovu silikuleka, ndipo tsaya layamba kutupa." Nenani tsiku limene zinayamba, ngati anadwala chikuku kapena malungo posachedwapa, ndi mankhwala alionse amene wamwa, a pagolosale kapena achikuda omwe, osabisa. Noma ndi yosowa moti si aliyense wogwira ntchito kuchipatala amene anaionapo ndi maso, choncho palibe cholakwa kufunsa kuti, "Kodi singakhale noma?" Pemphani kuti amuyang'ane m'kamwa ndi tochi. Akakupatsani mankhwala okamwera kunyumba, funsani tsiku lobwerera, mumalize mankhwala onse ngakhale fungo litatha, ndipo mukaona kutupa kukukula kapena banga lakuda patsaya, bwererani nthawi yomweyo ngakhale tsikulo lisanakwane.